Kambuzi Kosambitsidwa ndi Sopo

Kamwana ka mbuzi kanali chigonere pathaulo loyera, ndipo mayi wake sankafuna ngakhale kukayang'ana. Akhukhi anakanyamula kachitatu n'kukaika pafupi ndi bere. Mawanga anakanunkhiza kamodzi, anayetsemula, kenako n'kukagunda ndi mutu. Kanagwera uko, n'kulira ndi kamawu kakang'ono kosamveka bwino.

"Iwe Mawanga, wazungulira mutu? Mwana wako yemwe ameneyu!" anatero Akhukhi.

Mbuziyo inangotembenuka n'kuyamba kubzikula, ngati nkhaniyo ndi ya eni.

Dzina loti Akhukhi linawatsatira kuchokera kuhotela kumene anaphika zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anabwerera pakamalo kawo, pomwe panali kanyumba ka zipinda ziwiri, dimba la masamba, nkhuku zochepa ndi khola limodzi. Thupi linabwerera ndithu, koma mutu unatsalira kukhitchini kuja, kwa mbale zoyera mbuu ndi matebulo onyezimira. Anali munthu woti akaona ntchentche imodzi, chakudya chimawathera kukoma. Mpaka lero ankathirira dimba atavala shati yoyera yosita. Komanso anali olota ali maso. Ukawapeza atatsamira khasu akumwetulira okha, dziwa kuti munthu ali kutali.

Mawanga inali mbuzi ya akazi awo. Chaka chatha inaswa mwana wakufa, ndipo amayiwo anakhala masiku atatu osaseka. Ulendo uno bere linakula bwino, koma masiku atayandikira, mwana wawo wamkazi wa m'tauni naye anachira, mwana woyamba. Amayi ananyamuka kukamuthandiza. Ali pakhomo, chikwama chili pamutu, anatembenuka.

"Bambo, nkhuku zikasowa ndikhululuka. Masamba akauma ndikhululuka. Koma Mawanga ndidzamupeze ndi mwana wamoyo."

"Pitani mtima uli m'malo," anayankha Akhukhi, akudzigunda pachifuwa. "Ine ndinkasamala anthu mazana awiri patsiku. Kambuzi kamodzi n'chiyani?"

Ndiye m'mawa wa tsikuli, nkhungu idakali pansi, anapeza Mawanga ataswa. Kamwanako, kamsoti, kanali paudzu kali noninoni, mayi wake atangoyamba kukanyambita. Mtima wa Akhukhi unakana. Mwana woyembekezeredwa chonchi agone mu uve? Anakanyamula, anafunditsa madzi, n'kutenga sopo wonunkhira amene ankamusungira alendo. Anakasambitsa mpaka m'makutu. Atabwerera kukhola anayesa kukama bere, ndipo anadzidzimuka. Mkaka wake unali wachikasu, wolimba, womata m'zala. Kuhotela mkaka wotere unkathiridwa m'sinki popanda kufunsa bwana. Anakama kapu yonse n'kukakhuthula pansi pa nthochi, kuti mwana adzayambe ndi woyera.

Tsopano dzuwa linali litakwera, ndipo mwana anali asanayamwe ngakhale dontho.

"Mwina mayi watopa," anadziuza okha. "Timupatse mpata."

Anakhala pachitsa pafupi ndi khola, kambuzi kali pamiyendo. Nkhungu inkasungunuka pang'onopang'ono m'dimba. Njiwa inkalira kutali, njuchi zikuzungulira maluwa a maungu. Maso awo analemera, ndipo anayamba kuona zawo zija. Kamsoti aka kakula, kaswa mapasa. Mapasawo aswanso mapasa. Mbuzi zoyera ngati mbale zadzaza bwalo, zadutsa dimba osadya tsamba ndi limodzi lomwe, zakwera kaphiri, ndipo pamwamba pake sizinaime ayi, zapitirira mpaka kukasakanikirana ndi mitambo. Akazi awo ali pakhonde ndi mdzukulu kumsana, akuwerenga n'kusokoneza, kuwerenga n'kusokoneza, mpaka kugwa ndi phwete. Iwo akudutsa pakati pa gululo ndi shati yawo yoyera, yopanda ngakhale kadontho.

Chinawadzutsa ndi bata. Kambuzi kanali katasiya kulira. Mutu unali lende pabondo pawo, makutu ozizira. Mbuzi za m'mitambo zija zinabalalika nthawi yomweyo, panatsala kamodzi komweka, nako kakupita. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Akhukhi anachita mantha kwambiri. Anatulutsa foni n'kuimbira akazi awo.

"Mayi, Mawanga waswa. Koma akukana mwana."

"Akukana bwanji? Mwamutani?"

"Palibe. Ndangomusambitsa."

Mufoni, chapatali, munkamveka kakhanda kakulira.

"Mwasambitsa mbuzi," anatero amayi pang'onopang'ono. "Ndi sopo wanga wa alendo uja, eti? Bambo inu, Mulungu akukhululukireni. Dulani foni, muimbire alangizi a ziweto pompano. Nambala ili kuseri kwa chitseko."

Alangizi a ziweto anali mayi wachitsikana, woyenda panjinga ya kapalasa, atavala majombo aakulu. Sanachedwe. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anagwada, n'kulowetsa chala m'kamwa mwa kambuzi.

"Kakuyesa kuyamwa chala. Moyo ulipo. Kabadwa nthawi yanji, bambo?"

"Kutangocha."

"Ndiye tisataye nthawi." Anakanunkhiza, n'kukweza maso. "Iii, koma kakununkhira ngati mkwatibwi!"

Akhukhi anafotokoza zonse, za sopo ndi za kapu ija. Alangizi sanawaseke, ngakhale milomo inkawayabwa.

"Mwachita chifukwa cha chikondi, ndaona. Koma mbuzi sidziwa mwana wake ndi maso, bambo. Imamudziwa ndi mphuno ndi lilime. Ikamamunyambita, ndiye kuti ikumuumitsa, ikumufunditsa, komanso ikuloweza fungo lake. Inu mwachotsa fungolo. Kwa Mawanga, uyu ndi mlendo wofuna kuba mkaka."

"Nanga mkaka woonongekawo?"

"Sunaonongeke. Umene uja ndiye mkaka woyamba, ndipo palibe mankhwala m'chikwama mwangamu oposa umenewo. Umapatsa mwana mphamvu, umatsuka m'mimba, umamuteteza ku matenda. Koma uli ndi nthawi yake. Mwana ayenera kuyamwa m'maola oyambirira. Tsiku likatha, thupi lake silithanso kulandira chitetezocho bwinobwino."

Akhukhi anayang'ana kunthochi kuja. Anamva manyazi, ndipo anamva chisoni.

"Ndiye kuti ndataya wonse?"

"Mwataya kapu imodzi. M'bere udakalimo. Koma choyamba kafunde, chifukwa mwana wozizira satha kumeza bwino. Udzu umene kanabadwirapo uli kuti? Musandiuze kuti mwautentha."

"Ndaukokolera kuseri kwa khola. Ndimati nditenthe masana."

"Mwachita bwino kuchedwa."

Alangizi anatenga udzu wonyowa uja, wamagazi ndi zonse za pobadwa, n'kukapaka kambuziko kumutu, kumsana ndi kumchira. Ntchito yonse ya sopo inathera pomwepo. Kenako anakapereka kwa Akhukhi.

"Kalowetseni m'shati, kakhudze khungu lanu."

Akhukhi anayang'ana shati yawo yosita. Anayang'ana kambuzi. Anamasula mabatani atatu n'kukalowetsa. Kanali kozizira, konyowa, konunkha khola. Anakafungatira, ndipo patapita kanthawi anamva kamtima kakugunda pafupi ndi wawo, ti ti ti, kofulumira. Zaka zonse zija za kukhitchini sanagwirepo chinthu chamtengo wapatali chonchi.

Katafunda, alangizi anapanikiza Mawanga pakona ya khola ndi bondo, akumusisita pakhosi. Anakama madontho angapo n'kuwapaka pamutu ndi kumchira kwa mwana, ena n'kumudonthezera palilime. Akhukhi anagwada m'ndowe, osaona n'komwe pomwe agwada, n'kulozetsa kakamwa kubere. Kanaphonya. Kanaphonyanso. Mawanga anaponya mwendo.

"Sizitheka izi," anadandaula Akhukhi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Yesaninso."

Ulendo wachisanu kanagwira. Kanakoka kamodzi, kawiri, ndipo kamchira kanayamba kugwedezeka. Mawanga anapotoza khosi, ananunkhiza kumchira kuja nthawi yaitali, ngati munthu amene akukumbukira nkhope ya mbale wake. Kenako anatulutsa lilime n'kunyambita. Akhukhi anapukuta maso ndi dzanja lakuda lomwelo.

Alangizi asanakwere njinga anapaka mankhwala pamchombo wa mwana, n'kusiya malangizo. Mayi ndi mwana akhale m'kachipinda kaokha masiku atatu, pa udzu wouma. Mayi apatsidwe madzi oyera ndi msipu wokwanira. Lero ndi mawa Akhukhi azionetsetsa kuti mwana akuyamwa pafupipafupi, ndipo mayi akakana azimugwira.

"Ukhondo wanuwo musautaye," anatero. "Muupititse pakhola. Muzisesa, muziyala udzu wouma, muzitsuka chomwera. Koma mwanayo musiyireni mayi wake."

Patatha sabata ziwiri amayi anabwerako madzulo, dzuwa litapendeka. Sanalowe m'nyumba. Anatula chikwama pabwalo n'kulunjika kukhola. Khola linali loyera, lonunkhira udzu watsopano. Kamsoti kanali pamwamba pa chitsa chija, ndipo kataona mlendo kanadumpha cham'mbali, n'kuthamangira kubere la mayi wake. Amayi anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndinati ndidzamupeze ndi mwana wamoyo," anatero motsitsa.

"Mwamupeza," anayankha Akhukhi. "Koma pang'onong'ono ndikanamupha ndi sopo."

"Kuchipatala anamwino anamuuzanso zomwezo mwana wathu, kuti mkaka woyamba usatayidwe. Ndinkangoganiza za inu." Kenako amayi anaona shati itayanikidwa pachingwe, ili ndi banga lofiirira pachifuwa. "Nanga iyi? Zaka zonsezi sindinaonepo banga pa malaya anu. Ndikunyikireni?"

"Ndachapa katatu, lakana. Isiyeni choncho. Pamenepo ndi pomwe kanagona."

Kuyambira pamenepo, mbuzi ya mnansi aliyense ikatsala pang'ono kuswa, Akhukhi amavala shati yabanga ija n'kupita okha osaitanidwa. Amanena zomwe anaphunzira atagwada m'ndowe. Chiweto chikaswa, musiyeni mayi anyambite mwana wake, musamusambitse. Mkaka woyamba wachikasu uja si woonongeka, ndi moyo wa mwana, ndipo ayamwe m'maola oyambirira. Mukaona kuti sakuyamwa, musakhale pachitsa n'kumadikira, itanani alangizi a ziweto msanga.

Kulota sanasiye ayi. Amatsamirabe khasu n'kumaona mbuzi zikukwera kumitambo. Kungoti masiku ano mbuzizo zimakhala ndi mawanga, ndipo kutsogolo kwake kumakhala kamsoti kamene kanagona pachifuwa pawo.