Diso la Kamera ya Bambo

Tsiku limene anthu a filimu anabwera kudzajambula mmene bambo ake amagwirira ntchito, Mzime mtima unali m'mwamba. Bambowo anatchuka ndi zithunzi za matelala, zija zokhomedwa m'nyumba zachionetsero, zooneka ulusi uliwonse. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso awo anachita ng'ala. Mzime ndiye ankapotokola diso la kamera mpaka zonse zitaoneka bwino, n'kuwagwira paphewa, iwo n'kudina batani. Anthu ankangoti ndi mwana wonyamula chikwama, ndipo iye ankafuna zikhale choncho.

M'shopu ya telala munali mothinana: makina awiri, ayironi, nsalu zolendewera pachingwe. Mkulu wa filimuyo, munthu wosavula chipewa ngakhale m'nyumba ya eni, anakweza dzanja.

"Achemwali, tasunthani. Tikufuna madala okha ndi luso lawo."

"Koma ine ndimawa..."

"Tapita, mwanawe," anatero bambo ake osacheuka.

Mzime anakaima pakhomo. Anaona zala za bambo ake zikupotokola diso lija molakwika, n'kupitirira. Anatsokomola dala, koma amene anamva ndi wojambula mawu, yemwe anamuyang'ana ndi diso lofiira. Bambo anangodina, kudina, osatekeseka, telala naye akupalasa makina ake.

Atatsegula zithunzizo pakompyuta, zonse zinali chimbuuzi chokhachokha. Mzime bodza anali atakonza kale, lakuti kamera inagwa dzulo. Mkulu uja anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Madala, izi ndiye zinazake! Telala akuchita ngati akusungunukira m'nsalu. Mwayamba liti kujambula chonchi?"

"Munthu ukamakula umatopa n'kuwerenga ulusi," anayankha bambo, nkhope ili gwa, ngati analota kuti adzafunsidwa.

Anthu a filimu anawazungulira, wina kufunsa ichi, wina icho. Mzime mtima unakhala pansi: manyazi awalambalala. Anapinda miyendo ya kamera n'kulongedza.

Pobwerera, bambo anamugwira pachigongono monga mwa masiku onse, akuyenda monyadira.

"Wawamva? Akuti zimenezi zikakhomedwe pachionetsero. Akufunanso zina."

"Ndamva, bambo."

"Ndiye kuyambira mawa kamera usamaigwire. Uzingondiwolotsa msewu."

Mawuwo anamulasa mtima Mzime, mpaka chikwama chinamulemera paphewa. Anafika pamphambano. Mzime anayang'ana uku ndi uku, n'kudikira lole idutse.

"Tiyeni, bambo," anatero.