Zala za aMbewe pa Galasi

Ndinalota ndili pa makina a malemu amuna anga, aMbewe, makina aja amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kuumba chinthu pagalasi lotentha, mzere pamwamba pa mzere. Ndinkaumba chogwirira cha ndodo ya apongozi anga. Chakale chinathyoka, ndipo iwo ankangoyenda chogwira khoma. Koma mzere woyamba unkakana kumata. Unkangokwekwerezeka kumbuyo kwa mlomo wa makina n'kupotana ngati tsitsi lotsalira m'chipeso.

Ndinayesa zonse zimene ndinkaona mwini wake akuchita. Ndinalowetsa pepala pansi pa mlomowo n'kupotokola timagudumu ta m'makona mpaka pepalalo litayamba kukhula pang'ono. Ndinawonjezera kutentha. Nditapita kukatseka zenera kuti mphepo isaziziritse galasi, ndinapeza kuti panja padutsa mtsinje, ndipo zogwirira zonse zolephereka zinkayandama kulowera kumunsi. Mtima unandipsa. Ndinapaka guluu m'mbali monse mwa galasi mopanda chisoni.

Galasi linatsokomola.

"Mayi, guluu ndamulandira, zikomo," linatero. "Koma pakati panga simunasukepo."

Silinkanama. Pakatipo panali zidindo za zala za aMbewe. Munthu uja anali ndi chizolowezi choipa choyesa kutentha ndi dzanja, ngati wogwira mwana wa malungo pachipumi. Chimwalirireni iwo, ine ndinkangopukuta mozungulira.

AMbewe anatuluka mumtsinjemo, malaya ali ouma, n'kulowera pazenera. Anapereka moni kwa galasi, kenako kwa ine.

"Nankhoma, amenewotu ndi mafuta chabe. Pulasitiki sagwira pamafuta."

"Ndi zala zanu," ndinayankha. "Ndatsala ndi zomwezi."

"Zala zanga ndinapita nazo, si izi?" Ananditambasulira manja, ndipo zinalipodi zonse. "Kodi amayi akuyendera chiyani?"

"Khoma."

"Khoma limathera pakhomo, Nankhoma."

Nditacheuka ndinaona apongozi akubwera kuchokera kuchipinda, chikhatho chili pakhoma. Khomalo linkafupika akamaponda, ndipo pamene linkathera panali mtsinje uja. Iwo sankauona, ankangong'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Beseni la madzi ofunda linabwera lokha n'kukhala pamapazi anga, sopo ali momwemo. Ndinanyamula galasi. Linkalemera ngati munthu. Ndinalira, osabisa, chifukwa ndinkawafuna amuna anga, ndipo zinandiwawa kuti iwo akuyang'ana kwa amayi awo, osati kwa ine.

"Mukasuka, muzigwira m'mphepete mokha," anatero aMbewe. "Musatengere ine."

Ndinaviika galasi m'madzi, ndipo ndinadzuka.

Dzuwa linali litatuluka kale. Makina anali patebulo pomwe ndinawasiya, ulusi wopotana uli lende pamlomo pake. Ndinapendeketsa galasi poyera: zala zija zinali pomwepo, zosafufutika. M'nyumbamo ndinamva chikhatho cha apongozi chikukhula khoma pang'onopang'ono, kulunjika kukhomo.

"Nankhoma," anaitana, "kunja kwacha bwino. Ndikufuna ndikaothere dzuwa."

"Dikirani pang'ono, amayi," ndinatero.

Ndinagwira galasi m'mphepete, n'kupita nalo kumpopi.