Mlamu Wanga wa ku Barrow

Callum Hesketh anabwera ku Scranton, tauni yathu ya ku Pennsylvania, kudzakhala miyezi itatu yokha. Ndiyo nthawi imene mlendo wochokera ku Mangalande amaloledwa, ndipo tikiti yobwererera anali nayo kale. Amene anamukoka anali mng'ono wanga Renata. Anadziwana pa intaneti pamene Renata ankatsatsa njinga yamoto yakale imene malemu bambo athu anasiya m'galaja. Njingayo Callum sanagule, koma kulemba sanasiye, nayenso Renata, amene mwamuna wake anali atamusiya, sanasiye kuyankha.

Tsiku loyamba kudya naye ndinangomva theka la zimene ankalankhula. Chingerezi cha kwawo ku Barrow chimatuluka ngati munthu wavumata mbatata yamoto.

"Mwati chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndati chakudyachi n'chokoma, mayi."

"Mayi ndani? Ndine Bernie. Komanso musaname, kabichiyu ndapsereza."

"Ndiye kuti wa kwathu simunamulawe," anatero. "Ife timamuphika mpaka apepese."

Paige, mwana wa Renata, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anaseka mpaka kutsamwa. Mwanayo tinali titaiwala kaseka kake chichokereni bambo ake, Duane.

Kutatsala sabata kuti Callum abwerere, Renata anaterereka pa masitepe madzi ataundana, n'kuthyoka chiuno. Ine ndimagwira ntchito kukhitchini ya sukulu, sindikanatha kukhala naye tsiku lonse. Duane tinamuimbira, sanayankhe. Callum ndiye ankamunyamula kupita naye kubafa, kuphika, kuperekeza Paige kusukulu atamumanga tsitsi mokhotakhota. Tsiku la ndege linafika n'kudutsa.

"Akangoyamba kuyenda, ndinyamuka," ankatero.

Renata atayamba kuyenda, awiriwo anali atagwirizana kale zokwatirana. Vuto linali Duane. Munthu amene anachoka yekha pakhomo anayamba kukokakoka mlandu wothetsa banja. Lero wadwala, mawa wasintha loya, mkuja sanabwere kukhothi. Chaka chinatha, china n'kufika pakati. Nthawi yonseyo Callum analibe chilolezo chogwira ntchito. Kwawo ankawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi, ndiye manja ankamuyabwa. Anakonza mageti onse a mumsewu mwathu osalandira kanthu. Anthu ankamulipira soseji ndi mowa.

Ukwati wawo unali wa kukhothi, Lachisanu masana. Ine ndinali mboni. Sabata yotsatira tinapita kwa loya wa nkhani za olowa m'dziko, mayi wina wa tsitsi laimvi amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Anatumiza pempho loti Callum apatsidwe chiphaso chokhalira m'dziko, kenako anavula magalasi.

"Bambo Hesketh, mumve bwino. Poti mwakwatira nzika ya kuno, zoti munapitirira masiku anu boma likhoza kuzinyalanyaza. Koma phazi lanu lisatuluke m'dziko muno musanalandire chiphaso kapena chilolezo cha ulendo. Mukatuluka, pempho lanu lafa. Ndipo poti munapitirira ndi nthawi yoposa chaka, chitseko chidzatsekedwa zaka khumi."

Callum anaseka. "Ndipitenso kuti, mayi? Ku Barrow mvula imagwa ndi m'nyumba momwe."

Inayamba nthawi yodikira. Loya anati asonkhanitse umboni woti banja lawo si lachinyengo, ndiye chilichonse chinasanduka umboni. Akapita kokagula ndiwo, chithunzi. Akakhala pa tebulo, chithunzi.

"Alamu, mwetulirani," ndinkamuuza ndikamawajambula. "Boma lidzati munachita kugwidwa."

"Kumwetulira kwa kwathu n'kumeneku, alamu. Ndikaonjeza pamenepa aziti ndaledzera."

Paige anali atasiya kumutchula ankolo. Tsiku lina ali pabwalo ndinamumva akuitana, "Adadi, bwerani mudzaone!" Callum anaima ndi sipanala m'manja, osatembenuka, ngati akuopa kuti akatembenuka mawuwo abwezedwa.

Foni ya ku Barrow inabwera mu Malichi, m'mawa tikumwa khofi kwa Renata. Anali mayi woyandikana nyumba ndi bambo a Callum. Anawapeza atagwa m'khitchini, mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka. Mayi ake a Callum anamwalira kalekale, ndipo iye anabadwa yekha. Kunalibe wina.

Loya anayesetsa. Chilolezo cha ulendo chimene anapempha pamodzi ndi chiphaso chinali chisanatuluke. Anaimbira ofesi ya olowa m'dziko kupempha changozi. Anamuuza kuti pakufunika kalata ya dokotala, ndipo tsiku lokaonana nawo anapereka la sabata yotsatira. Kuchipatala cha ku Barrow nesi anauza Callum mosabisa kuti sakukhulupirira kuti bamboyo afika Lamulungu.

Lachinayi nesiyo anaika foni pakhutu la wodwalayo. Callum anakweza mawu a foni kuti tonse timve. Kunkangomveka kupuma kokoka. Kenako mawu amodzi, olemera ngati akuchokera pansi pa madzi.

"Cal."

Foni itadulidwa, mlamu wanga anakhala pansi penipeni, msana atatsamira firiji.

"Alamu," ndinatero, "mwamva zimene loya ananena. Dikirani masiku ochepawa."

"Masiku ake ati, Bernie? Munthu uja anandilera yekha. Ankandisiyira chakudya mu uvuni akamapita kuntchito."

"Mukapita simubweranso. Kuno muli ndi mkazi, muli ndi mwana."

"Achemwali, khalani chete," anatero Renata. Anagwada patsogolo pa mwamuna wake n'kumugwira nkhope ndi manja awiri. "Mukakhala, bambo n'kumwalira, mudzandiyang'ana bwanji moyo wanu wonse? Pitani. Zinazo tidzalimbana nazo. Anthu a boma aja ali ndi makolo nawonso, adzamvetsa."

"Ren, zaka khumi."

"Sizingafike pamenepo. Pitani."

Ndine ndinawayendetsa kupita kubwalo la ndege ku Newark. Paige anapatsa Callum kachidole ka galu koti akapatse agogo odwalawo. Callum anamuuza kuti abwera posachedwa, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso ankaganiza choncho.

Anatera ku Manchester m'mawa wa Loweruka n'kukwera sitima yapamtunda. Bambo ake anamwalira iye ali m'sitimamo. Atafika kuchipatala anapeza bedi atayala kale nsalu zina, katundu wa malemu ali m'jumbo yapulasitiki. Anaika maliro ndi anthu ochepa, anzawo akuntchito a bambo ake ndi mayi woyandikana nawo uja. Renata sanapite chifukwa pasipoti yake inali itatha.

Zimene loya ananena zinachitika momwemo. Pempho loyamba linafa. Anayambanso lina, Callum ali kunja. Linatenga nthawi yoposa chaka kuti aitanidwe ku ofesi ya kazembe ku London. Anavala suti imene anavala pa ukwati, atanyamula chikwatu cha zithunzi zija. Munthu wa pawindo sanachitsegule n'komwe. Anangomuuza kuti ukwati wake sakuukayikira, koma iye ndi woletsedwa kulowa.

Panali kanjira kamodzi kotsala, kupempha chikhululukiro. Koma chikhululukirocho sichiyang'ana mavuto a mlendo. Chimafuna umboni woti nzika ya kuno ikuzunzika koopsa chifukwa cha kusowa kwa mnzakeyo. Ndiye Renata anayamba ntchito yolemba kuzunzika kwake. Ankabwera kwanga akaweruka ku saluni kumene amakonza tsitsi, n'kukhala pa tebulo.

"Achemwali, ndilembe kuti sindigona?"

"Lemba."

"Zoti chiuno chimandipweteka kukazizira, palibe wondithandiza kuchotsa chipale chofewa pakhomo?"

"Lembanso."

"Nanga zoti ndine ndinamuuza kuti apite?"

"Zimenezo ayi."

Anapita kwa dokotala wa maganizo, anatenga makalata a kusukulu onena kuti Paige wayambanso kukodza pabedi. Munthu amene moyo wake wonse sankafuna kuti anthu amuone akulira anadzivula yekha pamapepala, n'kutumiza kwa anthu osawadziwa. Yankho linabwera patatha chaka china. Linati mavuto amene wafotokoza ndi omvetsa chisoni, koma ndi a wamba, amene banja lililonse lolekanitsidwa limakumana nawo.

Renata anawerenga ali chiimire. "A wamba," anatero. Anaseka kaphwete, kuseka kosatuluka bwino. "Achemwali, akuti ndine wamba."

Zitatero anaganiza zosamukira ku Mangalande. Callum anali atabwerera kuntchito yake yakale, nyumba ya bambo ake inalipo. Koma mwana sangasamutsidwe m'dziko bambo ake osavomera. Duane, amene pa zaka zonsezo ankaona Paige pa Khirisimasi pokha, mwadzidzidzi anakumbukira kuti ndi kholo. Ndinapita ndekha kukamupeza pamalo ake ogulitsa matayala.

"Duane, mwanayu sukudziwa n'kalasi imene ali. Ukumukanizira chiyani?"

"Ndi magazi anga, Bernie. Akaleredwe ndi Mngelezi wakumwa tiyi?"

"Mngeleziyo ndi amene anamuphunzitsa kupalasa njinga iwe uli ku bala."

"Ndiye abwere adzapitirize," anatero akupukuta manja. "Aa, ndaiwala. Sangabwere."

Woweruza anagamula kuti mwana akhale m'dziko muno. Renata akanatha kupita yekha, kusiya Paige. Nkhani imeneyo sanaitchule ngakhale kamodzi, nayenso Callum sanamupemphe.

Moyo wawo unasanduka wa pafoni. Kumeneko dzuwa limalowa kuno kudakali masana, ndiye ankalankhulana Renata akamapuma ku saluni, ali m'galimoto, sangweji ili pamiyendo. Chaka chilichonse ankasunga masiku atchuthi n'kupita ku Barrow masabata awiri. Ulendo wachiwiri anabwerako ali ndi pakati. Anali ndi zaka makumi anayi, ndipo sanayembekezere. Kwa miyezi itatu ndinaona mng'ono wanga akuyenda ngati mtsikana. Anagula timasokosi. Callum anatumiza kabedi kamene anapanga yekha, zidutswazidutswa m'katoni, kuti tidzakalumikize.

Mimbayo inachoka Lachiwiri lina ali pantchito, akudaya tsitsi la munthu. Kuchipatala ndinagwira foni pafupi ndi nkhope yake, Callum ali mbali inayo atavala chisoti cha kuntchito. Ankangobwereza kuti, "Ndili pano, Ren, ndili pano." Renata anatembenukira kukhoma.

"Simuli pano," anatero chapansipansi. Sindikudziwa ngati anamva.

Paige anakula. Poyamba ankalanda foni kuti aonetse Callum dzino logweduka kapena zimene wajambula. Kenako anayamba kungobayibitsa akudutsa. Atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu anali ndi anzake, mpira wake, zinsinsi zake. Tsiku lina Renata anamuitana kuti adzapereke moni, iye anayankha ali m'chipinda, "Muwauze a Callum kuti ndikuwerenga." Panalibe mwano m'mawu akewo. Anangotchula dzina la munthu amene anamudziwako kale.

Ulendo wa chaka chathachi Renata anabwerako masiku asanakwane. Ndinakamutenga ku Newark. Tili m'njira ankangoyang'ana mitengo.

"Mwakangana?" ndinamufunsa.

"Bola tikanakangana."

"Ali ndi wina?"

"Ayi. Bola akanakhala naye, ndikanadziwa wodana naye." Anapukuta galasi la windo ndi dzanja la juzi. "Wakalamba, achemwali. Tsitsi latha pakatipa. Amamwa kwambiri, amabisa mabotolo pansi pa sinki ngati ine sindingaone. Tinapita kukadya nsomba ndi tchipisi pamalo ena. Tinakamba za loya watsopano, tinakamba za zaka zatsala. Titamaliza pamenepo tinangokhala. Ndinafufuza m'mutu monse choti ndimuuze mwamuna wanga, osachipeza. Iyenso ndinamuona akufufuza. Mapeto ake anandifunsa ngati ndikufuna viniga wothira pa tchipisi."

"Ndiye mwagwirizana chiyani?"

"Anati ndimusiye, ndipeze munthu wondithandiza kuno. Ndinamufunsa ngati ndi zimene akufuna, analira. Banja tikathetsa, njira yake yobwerera yatheratu. Tikapanda kuthetsa, podzatha zaka khumizo Paige adzakhala atachoka pakhomo, ine ndili ndi zaka pafupifupi makumi asanu, ndikukalandira mlendo kubwalo la ndege. Palibe chimene tagwirizana."

Titadutsa malire kulowa mu Pennsylvania anandipempha kuti ndiime. Ndinapatuka pamalo ena opumulira a malole. Sanatsike. Anangokhala, manja ali pamaondo, malole akudutsa n'kumagwedeza galimoto yathu. Ndinkaganiza kuti alira, koma maso anali ouma.

Patapita nthawi anayang'ana wotchi ya m'galimoto.

"Tiyeni, achemwali," anatero. "Mawa ndili ndi makasitomala kuyambira m'mawa, ndipo m'nyumba mulibe mkaka."