Mzamba wa Sjoerd

"Tsopano mwafika pachipata cha mzinda," anatero Marijke, akusuntha tizidole titatu pamapu. "Mlonda akufunsa mayina anu."

Linali Lamlungu masana mumzinda wa Groningen, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya masewera, momwe anayiwa ankakumana sabata iliyonse. Marijke ndiye ankatsogolera nthano. Mafumu, mbava, alonda, onse ankalankhulira pakamwa pake. Enawo, Sjoerd, Tjerk ndi Ilse, aliyense anali ndi munthu wake mmodzi wam'nthanoyo wolembedwa papepala, ndipo madayisi ndiwo ankagamula ngati chinthu chatheka kapena ayi.

Mpando umenewu Marijke anachita kuulimbanira. M'gulu lake lakale anyamata ankangomupatsa malo a namwino kwa zaka zitatu, mpaka tsiku lina anawagubuduzira tebulo. Nkhaniyi ankaifotokozera aliyense monyadira.

Sjoerd, chimunthu chowotcherera zitsulo kudoko, chiyambire ankasewera ngati msilikali wa nkhwangwa. Koma tsikuli anabwera ndi pepala latsopano, lodzaza mbali zonse ndi tizilembo ting'onoting'ono. Anakhosomola, kenaka anafewetsa mawu ake aakuluwo.

"Ndine Aleid, mzamba. Ndamva kuti muno muli mayi amene akuvutika kuchira."

Marijke anaona Tjerk akubisa pakamwa, ndipo nthabwala inangomubwerera yokha. Anatukula mapewa ngati mlonda.

"Mzamba? Ndi mawu ngati injini ya sitimawa? Nanga ndevu mwazisiya kuti, mayi?"

Tjerk anatsamwa ndi khofi. "Aise Sjoerd, sabata yamawa ubwere utavala diresi, tikukhulupirire!"

Sjoerd naye anaseka pang'ono, makutu ali psuu. Analipinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la jekete.

"Aleid wabwerera kwawo. Ndipatse wankhwangwa uja."

"Iwe, usatero," anatero Marijke. "Wanena zimenezo ndi mlonda, si ine."

"Palibe vuto. Tiyeni tizipita."

Anasewera ola lathunthu. Kale msilikali wa Sjoerd ankaimba, ankatukwana zilombo, ankakangana ndi ogulitsa mowa. Tsopano ankangoti, "Ndikumenya," n'kutchula nambala ya padayisi.

Atapumira, Ilse anamutsatira Marijke kokatenga tchipisi.

"Ukudziwa kuti mawu aja wakhala akuwayeserera m'galimoto masabata awiri?" anatero Ilse. "Lachisanu anandifunsa ngati sitidzamuseka. Ine ndinamuuza kuti patebulo la Marijke zimenezo sizingachitike."

Marijke anatsegula pakamwa kuti adziteteze, koma yemwe akanamukalipira panalibe. Mawu a mlonda aja ankawadziwa bwino. Anali a anyamata a gulu lake lakale aja, ndipo anatuluka mosavuta, ngati anangokhala akudikira.

Atabwerera patebulo sanakhale pansi.

"Sjoerd, mlonda uja ndinali ine. Ndalakwa. Mutulutse Aleid, tiyambirenso. Nawenso Tjerk, tseka pakamwa pakopo."

"Ine sindinanene kanthu!" anatero Tjerk.

Sjoerd sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya. Anangomuyang'ana, akugubuduza dayisi ya mbali makumi awiri m'chikhatho chake chodzaza zipsera.

"Ndikudziwa kuti unali iwe, Marijke. Alonda onse a m'dziko lino ndi iwe. Ndiye ndimati undilowetsa."

Pepala la Aleid sanalitulutse, anangoponya dayisi ija ngati msilikali uja. Inagubuduka n'kukaima pafupi ndi kapu ya Ilse.

"Zisanu ndi zitatu," anatero. "Ndamenya kapena ndaphonya?"

Marijke anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana m'buku la malamulo a masewerawo nthawi yaitali, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Waphonya," anatero motsitsa mawu.