Chilolezo cha Makina a Mazira

Magetsi atabwerera m'mawa uja, kompyuta inayaka, koma makina ofungatira mazira anangoti zii. Mayi woweta nkhuku anaika dzanja pa thireyi yapamwamba. Mazira anali ofundabe, koma kufunda kwake kunali kotsalira. Ena anali atayamba kale kung'aluka.

Pa sikirini panali mawu omwe aja: pulogalamu inalibe chilolezo cholankhula ndi kachipangizo koyeza kutentha. Popanda kuyeza, chotenthetsera sichinkayaka.

Anaimbira mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, yemwe analumikiza zonsezi.

"Alamu, zanu zija zayambanso. Muli kuti?"

"Ndili m'basi, alamu, ndikukayamba ntchito ija. Lembani mzere uja ndimalemba ine, zitheka."

"Ndalemba kale, zinayaka, magetsi n'kuthimanso. Lero akungophethira. Ine ndikupita kukadikirira amayi kuchipatala. Akathimanso alembe ndani, nkhuku?"

Mlamuyo anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anafotokoza kuti kompyuta imaona kachipangizoko ngati fayilo, ndipo ikayaka imapanga fayiloyo mwatsopano, yokhoma. Chilolezo cholemba pamanja chimafa kompyuta ikazima. Chofunika n'kulemba lamulo m'kafayilo kena, kamene imawerenga yokha poyaka.

"Ndiye bwanji simunalembe kalekale?"

"Mukanandiitanira chiyani? Tiyi wa kwanu ndikanamwera kuti?"

"Mazirawa akafa, tiyi ameneyo mukamufotokozere mkazi wanu."

Anakokera mpando pafupi, foni ataipana ndi phewa. Mlamu ankatchula, iye n'kumalemba ndi chala chimodzi. Choyamba anafunsa kompyuta nambala za kachipangizoko, n'kuziwerenga mokweza. Kenako anatsegula kafayilo katsopano m'foda ya malamulo. Mzere wake unali umodzi wokha: kachipangizo ka nambala izi kakapezeka, gulu lakutilakuti liloledwe kuwerenga ndi kulemba. Kumbali inayo kunkamveka kulira kwa injini ndi mwana wa munthu wina.

"Ndasunga. Ndiye basi?"

"Ayi. Muyese kaye. Muyizimitse, muyi..."

Foni inaduka. Anaimbanso, sinalowe. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Kuzimitsa? M'chipinda chimenecho palibe amene anazimitsapo kompyutayo dala. Batani lake analimata ndi tepi, ana ake ankadziwa kuti kuligwira ndi mlandu. Ndipo panthawiyo makina anali akuyenda ndi chilolezo cha pamanja chimene anali atangolembanso, kutentha kukukwera pang'onopang'ono. Akazimitsa, lamulo lija litakhala lolakwika, mazira azizira kachitatu. Mwina kompyuta ikana kuyaka n'komwe. Koma akapanda kuyesa, adzadziwira kuchipatala, kapena mawa, potsegula chitseko.

Foni inalira. Sanali mlamu, anali mng'ono wake.

"Achemwali, mwanyamuka? Anamwino akufunsa wowadikirira amayi."

"Ndikubwera."

Anamatula tepi ija, n'kudina batani. Sikirini inada. Fani ya m'makina inazungulira mofooka mpaka kuima. Mu bata limenelo munamveka kulira kwa kamwanapiye kali m'chigoba, kamawu kakang'ono ngati ka nsapato yatsopano.

Anadinanso. Zilembo zoyera zinathamanga pa sikirini. Manja ake anapita okha pa kiyibodi kuti alembe mzere wa masiku onse uja, koma anawabweza n'kuwakhalira. Pulogalamu inatseguka. Pamalo pa kutentha panalibe kanthu.

Kenako nambala inaoneka, yotsika ndithu, koma inaoneka. M'makina munamveka kuti tha, ndipo waya wa chotenthetsera anayamba kufiira.

Sanaimirire msanga. Anayang'anitsitsa nambalayo mpaka inakwera kamodzi. Anasuzumira pagalasi la makina: pa thireyi yapansi dzira lina linali litabooka, kamlomo kakusuntha, ena anali phee, osadziwika ngati amoyo. Amenewo akawaona pobwera.

Anatenga chikwama, anakhoma chitseko. Ali pageti, babu la pakhonde linathima. Anaima, makiyi ali m'manja, kenako anapitiriza ulendo wa kusiteji.