Apongozi Pampando

Bungwe la makolo a ana osamva linkakumana m'kalasi ya sukulu yamkaka, moti anthu akuluakulu ankakhala pa timipando ta ana, mawondo ali pachifuwa. Wapampando anali mphunzitsi wopuma. Ndi iwo anayambitsa bungwelo kalekale, mwana wawo wamwamuna atabadwa wosamva. Mwanayo anakula, naphunzira ukalipentala, nakwatira mayi wina woluka tsitsi. Nawonso anabereka mwana wosamva, ndipo umu ndi mmene woluka tsitsiyo analowera m'bungwe la apongozi ake.

Madalawo sankafuna kumva za chinenero chamanja. Ankati manja ndi ogwirira ntchito, mwana aziyankhula ndi pakamwa ngati anzake. Nkhani ya chisankho cha wapampando ikabuka, ankangoti tidzaona chaka chamawa.

Zinafika poipa tsiku limene kunabwera alendo odzaona ntchito ya bungwelo. Wapampando anaitana mtsikana wina, mwana wa mayi wogulitsa zovala, namuimika kutsogolo kuti anene "zikomo". Mtsikanayo anakweza manja kuti ayankhe mmene amadziwira. Iwo anagwira manjawo, kuwapanikizira m'mbali, n'kumamutchulira mawuwo pafupi ndi nkhope. Pakamwa pa mwanayo pankangotuluka phokoso. Kenako mkodzo unayamba kutsika m'miyendo mpaka m'masokosi. Woluka tsitsi anali pamzere woyamba, ndipo sanadzuke.

Sabata yomweyo makolo ambiri anachoka. Mayi wa mtsikana uja, yemwe anali mnzake wa woluka tsitsi wa ponda apa nane mpondepo, anabwera ku saluni kudzamuuza kuti akuyambitsa gulu lawo, apite nawo. Woluka tsitsi anakana. Anafotokoza kuti chipatala chimatumiza makolo atsopano ku bungwe lakalelo, ndipo onse akachoka, ana a makolo amenewo adzagwera m'manja omwewo popanda wowaletsa. Komanso woitanitsa chisankho amayenera kukhala membala. Mnzakeyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Wowaletsayo ndi inuyo? Tsiku lija munali kuti?"

Makasitomala onse anamva. Woluka tsitsi anapitiriza kuluka, mizere ikukhota.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Ochoka aja ankati wadya za apongozi, n'chifukwa chake pakamwa patsekeka. Iye akaweruka ankayenda khomo ndi khomo kwa otsala, kuwapempha kuti pa msonkhano waukulu adzaime naye. Ambiri ankayamba ndi kumufunsa ngati madala akudziwa. Sankadziwa. Iye ndi madalawo ankakhala mumpanda umodzi, ndipo m'mawa akamakawapatsa moni, iwo ankamutama kuti pa anthu onse aja ndi mpongozi wawo yekha amene ali ndi mtima wokhulupirika. Mawu amenewo ankamuotcha kuposa chipongwe cha kunja.

Tsiku la msonkhano mwamuna wake anavula ovolosi n'kumutsatira, ngakhale anali asanapondeko ku bungwelo chikulireni. Woluka tsitsi atadzuka n'kupempha chisankho, apongozi anaseka poyesa nthabwala. Apo kalipentala anapita kutsogolo nayamba kuyankhula ndi manja, akuyang'ana bambo ake. Womasulira panalibe, choncho onse anatembenukira kwa mkazi wake.

Mwamunayo ananena kuti ali mwana, bambo ake ankamumangira manja kumpando ndi lamba kuti aphunzire kuyankhula, ndipo mpaka lero awiriwo sanachezepo ngati mwana ndi bambo. Za lambazo mkaziyo anali asanamvepo. Anauza anthu kuti amuna ake akuthokoza bambo chifukwa cha ntchito yaikulu imene agwira, koma akuona kuti atopa, ndi bwino apume.

Kalipentala anali akuwerenga milomo yake, luso limene anaphunzira ali womangidwa kumpando kuja. Anapukusa mutu. Anamugwira mkazi wake paphewa, nabwereza pang'onopang'ono, akuloza pamikono pomwe lamba ankadutsa. Ulendo uno mkaziyo ananena zonse, maso ali pa simenti.

Madalawo anavula magalasi.

"Mpongozi, mawu amenewa ndi ake kapena ndi anu?"

"Ndi ake, bambo. Anga anali oyamba aja."

Anthu anavota pokweza manja, ndipo mpando unapita kwa dalaivala wina wa basi, bambo wa mapasa osamva, yemwe anali atayamba kale kuphunzira chinenero chamanja kwa ana ake. Palibe anaomba m'manja. Madalawo anatola jekete natuluka, ndipo mwana wawo anawatsatira chapatali mpaka kunyumba, wina kutsogolo wina pambuyo.

Ochoka aja sanabwerere. Mayi wogulitsa zovala atauzidwa nkhaniyo anangoti zili bwino, napitiriza kupinda mabulauzi. Kunyumba madala anasiya kutuluka m'mawa, moti moni wa mpongozi ankathera pa chitseko chotseka.

Patapita masiku, apongozi aakazi anabwera kudzabwereka ayironi. Analankhula za magetsi ovutavuta, za chifuwa cha mdzukulu wawo, kenako anaima pakhomo chingwe cha ayironi chikulendewera.

"Womanga anali iwo, koma wogwira mwana ndinali ine. Mwanayo anandisiya dala, sananditchule."

Woluka tsitsi anawakulungira chingwecho bwinobwino, nawauza kuti asamale, batani lake limatentha.