Mpala wa lezala

"Nyumba ino si siteji ya bandi! Wamva?"

Alamu anakuwa ali chiimire pakati pa balaza, yunifomu ya usupavaiza ili nyezinyezi. Diredi anangokhala pampando, foni m'manja, akukanda sikirini yozima.

"Ndagwada kwa abwana kuti ulowe ugadi. Malo ndi amodzi, ofuna ndi chikhamu. Foto ya aidi ndi thu koloko lero. Ndiye ukapite ndi zingwe zakozo?"

"Alamu, nditha kumanga n'kuvala kapu."

"Kapu! Kampani imati mpala. Umeta, kapena ukagone kwa anzako oimbawo."

Anzake oimbawo ankagona anayi mchipinda chimodzi, wachisanu anali sipika. Alamu ankadziwa zimenezo bwinobwino.

Achemwali ake a Diredi anamukokera ku bafa, chitseko chaa. Kabafako nkakang'ono, ukatambasula mkono wagunda khoma. Pawindo panali zinthu ziwiri: mashini ometera a alamu, ndi kapaketi ka lezala.

"Tenga mashiniwo," achemwali ananong'ona. "Faivi minitsi basi, watha."

Diredi anawanyamula. M'mano mwake munali titsitsi ta imvi ta alamu, chogwirira chikununkha pafyumu wawo. Ayi. Mbale ya alamu, matiresi a alamu, waifai ya alamu, ntchito ya alamu. Ndi mutu womwe? Anawabweza pawindo.

"Ndimeta ndi lezala."

"Iwe, unayamba wagwirapo lezala kumutu?"

"Ndinaonera pafoni. Nzophweka."

"Pafoni! Mwana uyu andipha ine."

Komabe achemwali anatenga sizasi n'kuyamba kudula. Zingwe za zaka sikisi zinkagwera mubeseni chimodzichimodzi, phu, phu, ngati michira. Diredi sanayang'ane pansi. Mutu unapepuka moopsa, khosi silinadziwe chochita.

Kenako sopo, madzi ozizira, lezala pakati pa zala za Diredi. Mzere woyamba unayenda bhobho. Wachiwiri, tswee, magazi. Pavidiyo paja mutu wa munthuyo unali wosalala ngati dzira, koma wake unali ndi zitunda ndi maenje omwe sankawadziwa. Kumbuyo ankangopapasa, galasi silifika kumeneko.

"Bweretsa ndikumalize."

"Ayi sisi, ndekha."

"Ndiye uzidzisenda wekha ngati mbatata."

Panja alamu anagogoda. "Mukuphika kapena mukumeta? Wani koloko yakwana!"

Atamaliza, pagalasi panali munthu wachilendo, makutu ataima ngati zogwirira poto, khungu lotuwa lomwe dzuwa silinalionepo. Mabala seveni. Achemwali anamata mapulasitala anayi, enawo anangoikapo titishu.

Anatuluka. Alamu anamuzungulira pang'onopang'ono ngati akuyendera galimoto yangozi. Sanakuwenso, ndipo zimenezo ndiye zinaopsa kwambiri.

"Mashini ndinakusiyira pawindo."

"Ndameta, alamu. Mpala ndi umenewu."

"Wameta kapena wamenyedwa? Pafoto salola pulasitala, salola kapu. Abwana akaona mutu uwu aziti ndabweretsa chidakwa cha ndewu chizilondera geti."

"Ndimatula ndiye."

Anamatula imodzi. Kamagazi kanatsetsereka mpaka pakhutu.

"Bambo a mnyumba, auzeni adikire sabata imodzi," anatero achemwali. "Zipola izi."

"Malo sadikira chilonda. Pali mnyamata wina wameta kale dzulo."

Alamu anatenga foni, anatayipa ndi chala chimodzi, kenako anaiponya mthumba. Anatola makiyi ndi kapu yawo.

Diredi anagwira kumutu, dzanja linapeza mphepo yokhayokha. Ntchito palibe, tsitsi palibe, kwa abandi nako apita bwanji ndi mutu umenewu?

"Ndiye... ndizikhalabe pano, alamu?"

"Mpaka Lachisanu."

Anatuluka, chitseko anachisiya chotsegula.